Duwa langa likuuma masamba chiyatsireni hita, ndithandizeni nzeru

Mbumba ya ku Zomba analemba:

Moni nonse. Nkhani ndabwera nayoyi ena mundiseka, koma sekani mutandithandiza kaye.

Ndimakhala ku Luton, ku England, m'kachipinda ka pamwamba m'nyumba yalendi, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, kawirikawiri ya usiku. Mu Juni ndinagula duwa la m'nyumba, pakapepala kake panalembedwa kuti Calathea makoyana. Ndikuti duwa poti ndimo timatchulira, koma kukongola kwake konse kuli m'masamba. Pamwamba ndi obiriwira motuwira, okhala ndi mawanga ngati munthu wachita kujambulapo nthenga, kunsi ndi kofiirira ngati bonongwe wofiira uja. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kukamada limaimika masamba onse njo, kukacha n'kuwatambasula. Ndiye ine ponyamuka madzulo ndimalisiya likupinda manja, pobwera 8 koloko m'mawa ndimalipeza lawatambasula. Munthu ukakhala wekha kunja kuno, kanthu kotere kamakhala ngati kakukupatsa moni.

Miyezi yotentha yonse linali pamtendere. Linatulutsa masamba atsopano asanu, aliwonse otuluka atakulungika ngati ndudu ya chingambwe. Zinasokonekera kumapeto kwa Okutobala pamene eni nyumba anayamba kuyatsa hita. Poyamba zinali nsonga zokha, kuuma pang'ono ngati zawauka ndi moto. Kenako kuuma kuja kunayenda m'mphepete monse, moti pano ukagwira tsamba limalira ngati pepala. Awiri apindikiratu, sakutambasukanso ngakhale masana. Latsopano limene linkatuluka mu Novembala linangoima panjira, nsonga yake yada lisanatseguke n'komwe.

Duwali lili pazenera, ndipo hita ya chipinda changa ili pansi pa zenera lomwelo. Ndinaliika pamenepo chifukwa ndi pokhapo pamene pamafika kuwala, poti dzuwa la kuno mu Disembala 4 koloko isanakwane lapita kale.

Zimene ndayesa ndi izi. Ndimalipopera madzi kawiri patsiku ndi kabotolo kamene kanali ka mafuta a tsitsi, ndinakatsuka bwinobwino. Ndinaika timiyala m'mbale, kuthiramo madzi, n'kukhazikapo mphika. Kuthirira ndinawonjezera, kale kunali kamodzi pamlungu, pano katatu, poganiza kuti lili ndi ludzu. Mnzanga wa kuntchito anati ndiliike kubafa, koma bafa lathu lilibe zenera, ndi mdima wokhawokha, ndiponso timasambamo anthu asanu.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti panja pali chinyezi chosaneneka. Mvula yowaza tsiku ndi tsiku, chiperoni cha ku Thyolo chimachepa. M'mawa galasi la zenera limakhala likuchucha madzi, ndipo pakona pake payamba timadontho takuda. Ndiye anthu akamati mpweya wa m'nyumba ndi wouma, wauma bwanji madzi ali chuchuchu pagalasi? Ndigule humidifier, kamakina kowonjezera chinyontho mumpweya, kodi? Kapena ndingovomereza kuti mapaundi anga 14 anapita?

Kambalame wa ku Ndirande anayankha:

Asisi, pepani, ndaseka ndithu monga munanenera. Ndafufuza chithunzi cha duwa lotere, ine ndimayesa ndi koko wa kudimba wavala chitenje. Mapaundi 14! Mukanatumiza kuno tikanakugulirani dimba lonse.

Koma zoona zake, ine za maluwa a Azungu sindizidziwa, chimodzi chokha ndachiona m'nkhani yanuyi. Mwakhazika duwa pamwamba pa hita. Ngakhale mwana, poti kukuzizira, mungamugoneke pamwamba pa mbaula? Lichotseni pamenepo lero lomwe, zinazo akuuzani odziwa.

Mtchona wa ku Manchester anayankha:

Achemwali, a Kambalame anena zoona, yambani ndi kulisuntha. Ine ndimagwira ntchito yokonza zowonongeka m'nyumba zalendi kuno, ndiye nkhani ya chinyontho ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku, ngakhale ine amandiitanira kuti ndichichotse pamene inu mukufuna kuchiwonjezera.

Funso lanu lija la madzi pagalasi ndilo mutu wa zonse. Mpweya umanyamula madzi osaoneka, koma kuchuluka kwa madzi amene ungathe kunyamula kumadalira kutentha kwake. Wa madigiri 5 ukadzaza kwambiri umanyamula magalamu pafupifupi 7 pa kyubiki mita imodzi. Wa madigiri 21 umatha kunyamula magalamu 18. Tsono taonani: panja pali madigiri 5, chinyontho 90 peresenti, ndiye kuti mpweyawo wasenza magalamu ngati 6. Ukalowa m'chipinda mwanu hita n'kuutenthetsa kufika 21, madzi aja ndi omwewo 6, koma malo akula kufika 18. Zatsika kufika cha m'ma 33 peresenti popanda dontho limene lachokamo. Zili ngati chimanga chodzaza lichero mukachikhuthulira mu dengu, chimangokhala pansi. Mpweya wotere umakhala ndi njala ya madzi, ndipo umawakoka paliponse, pamilomo yanu, pa zovala zimene mwayanika, ndi pa masamba opyapyala a duwa lanulo. Pagalasi zimachitika mobwerera. Galasi ndi lozizira, mpweya ukaligunda umazizira, dengu lija limabwerera kukhala lichero, zotsalazo n'kutayikira pagalasipo. Ndiye m'chipinda chimodzi chomwecho pamwamba pa hita n'pouma, pakona ya zenera n'ponyowa. Duwa lanu mwaliika pamalire enieni: kutsogolo likuwambidwa, kumsana likuzizidwa.

Mtundu umenewu kwawo ndi ku Brazil, pansi pa mitengo ya m'nkhalango zamvula, kumene kuli mthunzi, kofunda, mpweya wonyowa. Umakondwa chinyontho chikakhala cha m'ma 60 peresenti kapena kuposa, ndipo ukazolowera umapirira pa 50. Mukamafufuza mudzaonanso dzina loti Goeppertia, musadabwe, mu 2012 akatswiri anasamutsira mitundu yambiri ya Calathea ku dzina limenelo, koma ogulitsa akadalembabe lakale.

Musanagule humidifier gulani kachipangizo koyezera chinyontho, hygrometer. Ndi kotchipa, sikafika ndalama munagulira duwa. Totchipa timanama nthawi zina, ndiye kayeseni chonchi: dzazani mchere wa pakhitchini m'kachivindikiro ka botolo, donthezeranimo madzi kuti unyowe ngati mchenga wa kudambo koma usasungunuke, ikani pamodzi ndi kachipangizoko m'kontena yotseka bwino, musiye usiku wonse. Kayenera kuonetsa 75. Kakaonetsa 70, muzingodziwa kuti kamadya 5. Mukatero yezani malo atatu kapena anayi m'chipindamo, m'mawa ndi madzulo.

Kupopera kuja lekani kudzivutitsa. Chinyontho chimakwera mphindi zochepa basi, madzi akauma zabwerera pomwe zinali. Mbale ya timiyala nayo imasintha pang'ono kwambiri, mukaika kachipangizoko pambali pake mudzaona nokha. Ndipo madzi a ku Luton ndi olimba, amachokera m'miyala ya choko, yang'anani mu ketulo yanu muona zoyera zomata pansi. Zomwezo zimatsalira pamasamba ndi m'dothi, ndipo Calathea sagwirizana nazo, zimawonjezera kuuma kwa nsonga. Ife kuno tili ndi mwayi, athu ambiri amachokera ku Lake District, ndi ofewa. Inu tcherani a mvula, si yosowa.

Tsono pa timadontho takuda mwatchulato ndiimepo pang'ono, chifukwa pamenepo nkhani yachoka pa duwa. Chimenecho ndi chuku. Mukakweza chinyontho cha chipinda chonse kufika 65 pa madigiri 21, malo aliwonse ozizira kufika madigiri 14 ayamba kuchita mame, ndipo makoma akunja a nyumba zakale za njerwa kuno amafika pamenepo mosavuta m'nyengo ino. Kuseri kwa wadirobu, kumutu kwa bedi, m'makona a denga. Ndachotsapo mawadirobu n'kupeza khoma lonse lili bii, eni chipinda akudabwa chifukwa chake chifuwa sichikutha. Ku Rochdale, pafupi ndi kuno, mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira mu Disembala 2020, ndipo kafukufuku wa imfa yake mu 2022 anapeza kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba imene ankakhala. Chipinda chogona munthu chizikhala pakati pa 40 ndi 60, m'nyengo yozizira makamaka cha m'ma 50 kutsika. Duwa likufuna zambiri kuposa zimene khoma lanu lingapirire. Ndiye musanyowetse chipinda, pezani njira yonyowetsera pamene pali duwa pokha.

Nankungwi wa ku Joni anayankha:

Mwana wa kwathu, vuto lanuli ife kuno ku Johannesburg timakhala nalo kuyambira Meyi mpaka mvula itayamba. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ngakhale panja pamakhala pouma. Tili pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo miyezi yozizira mvula kulibe, milomo imang'ambika, ukagwira chitseko cha galimoto chimakumenya ngati magetsi. Ndinapha ma Calathea awiri ndisanaphunzire. Wachitatu ali ndi zaka zinayi tsopano.

Humidifier ndinagula, ndipo imagwira ntchito, ndisanamizire. Koma ndi mwana wina woti uzimulera. Madzi kusintha tsiku lililonse, kuitsuka pakapita masiku awiri kapena atatu, apo ayi m'kati mumatereratu ndipo zonsezo imazipemerera mumpweya umene ukupuma. Mtundu wotulutsa nkhungu yozizira uja ukauthira madzi olimba ngati anu amene anena achimwene a ku Manchester, umasiya fumbi loyera paliponse, pa TV, pa tebulo. Ndiye nthawi ya load shedding inkangokhala chete duwa likuuma. Ndinatopa nayo.

Chimene chinandipulumutsa ndi thanki yakale ya nsomba imene aneba ankataya chifukwa inkadontha. Ndinaitsuka, pansi ndinayala timiyala tonyowa, n'kuikamo duwa ndi mphika wake pamwamba pa kanjerwa kuti lisakhale m'madzi, pamwamba ndinavindikira ndi galasi n'kusiya mpata wa zala ziwiri. M'malo otsekeka chonchi timiyala tija timayamba kugwira ntchito, ndipo masamba enieniwo amatulutsa chinyontho chimene chimakhala momwemo. Ena amagula kabati yagalasi n'kuikamo kafani, koma kwa duwa limodzi ngakhale bokosi lapulasitiki loonekera m'kati, losungiramo zovala lija, likwana. Mpata wokhawo musaiwale. Mukatseka ndithu mpweya suyenda, masamba amachita mawanga n'kuwola.

China, tembenuzani masamba muone kunsi. Amene munalimapo tomato mukumudziwa kangaude wofiira, uja amamaliza dimba mu Okutobala. Abale ake amakonda Calathea koopsa, ndipo kotentha kouma ndiye kwawo. Ndi tating'ono ngati fumbi, ndiye tengani pepala loyera, ikani pansi pa tsamba, gogodani tsambalo ndi chala. Mukaona timadontho tikuyenda, kapena kaukonde kopyapyala pamene tsamba lakumana ndi phesi, alipo. Sambitsani duwa lonse ndi madzi ofunda pang'ono, kunsi kwa tsamba lililonse kupukuta ndi kansalu, ndipo muzibwereza pakapita masiku anayi kapena asanu kwa milungu itatu, chifukwa mazira amatsalira n'kuswa.

Mbumba ya ku Zomba anayankha:

Zikomo nonse, ngakhale inu a Kambalame ndi koko wanuyo. Duwa ndinalichotsa usiku womwewo, lili patebulo tsopano, mamita awiri kuchoka pa hita.

Kachipangizo kanafika Lachiwiri. Pa mchere kanaonetsa 73, ndiye sikanama kwambiri. Zimene ndapeza zandichititsa manyazi. Pazenera pamene linali duwa, hita ikuyaka, 29. Patebulo 41. Nditayanika mayunifolomu pa hita, chipinda chonse chinakwera kufika 68 ndipo chinakhala pamenepo mpaka m'mawa, ndiye chuku chija mwini wake ndine ndemwe. Ndinakatengeranso kukhitchini tsiku limene ndinkaphika nyemba, kanafika 80, mpaka mnzanga wa chipinda chapansi anandifunsa ngati ndayamba kuyeza nyemba ndi makina. Mbale ya timiyala ija, achimwene, munanena zoona: pambali pake 42, kutali nayo 41.

Akangaude ndagogoda masamba onse, sindinaone choyenda. Koma pali china. Posuntha mphika ndinamva kulemera, nditautulutsa mu mphika wokongoletsa wakunja uja ndinapeza madzi ali chiimire m'munsi, akununkha ngati dambo. Masamba awiri apansi achita chikasu. Kodi pamenepa ndiye ndalipha?

Mlimi wa ku Bvumbwe anayankha:

Mayi, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete poti za hita ine sindinazionepo. Koma mwafika pa mizu, pamenepo ndilankhuleko. Ndakhala ndikufesa ndi kugulitsa maluwa a m'miphika zaka zambiri, ndipo amene amabwerera kudzadandaula, ambiri duwa lawo silinafe ndi ludzu. Linamira.

Zimapusitsa chifukwa duwa lomira limaoneka ngati laludzu. Mizu ikakhala m'madzi imasowa mpweya n'kuwola, ikawola singakwezenso madzi, masamba n'kufota ndi kupindika. Mwini wake poona zimenezo amathiranso. Inu munali ndi mavuto awiri nthawi imodzi, kumwamba mpweya ukukoka madzi m'masamba, pansi mizu ikulephera kubwezera. Ndipo poti mwati dzuwa kumeneko likulowa msanga, duwa silikukula, silikumwa ngati mu Juni.

Litulutseni mu mphika. Mizu yamoyo imakhala yolimba, yoyererako. Yowola imakhala yakuda, yofewa, ukaikoka khungu limavuka n'kutsala kaulusi. Dulani yowolayo ndi sizasi yoyera. Mukapeza timibulu tolimba ngati timbatata ku mizu musatidule, ndi nkhokwe yake. Dothi lonunkhalo tayani, ikani lina lopepuka losagwirana. Kuno timasakaniza ndi makala osinja ndi makungwa owola, kumeneko mupeza zogula. Mphika usakule, ndipo ukhale woboola pansi. Kuthirira, iwalani za masiku. Pisani chala mpaka mfundo yoyamba, mukamva kuti pamwamba pauma ndiye thirani mpaka atuluke pansi, dikirani akhe, tayani otsalawo. Madzi asakhale ozizira kwambiri, ayambe akhala m'nyumba usiku. Feteleza ayi, mpaka mutaona tsamba latsopano.

Masamba ouma m'mphepete sadzabiriwiranso, musawadikire. Chepetsani pouma pokha motsata maonekedwe a tsamba, kusiya kamzere kouma pang'ono kuti musacheke pamoyo. Otsala ndi theka lobiriwira asiyeni, akudyetsabe mizu.

Za thanki anena amayi a ku Joni n'zomwe timachita kuno mu Okutobala, kungoti ife ndi shedi ya udzu. Timaunjika miphika pamodzi mothithikana, kutchinga mbali yochokera mphepo, n'kuthira madzi pansi m'mawa ndi masana. Ukalowamo umamva pakhungu kuti muno ndi mwina. Duwa lokhala lokha pamtetete ndilo limayamba kupsa.

Mbumba ya ku Zomba anayankha:

Ndabweranso patatha milungu isanu ndi iwiri, poti ena munandifunsa kumbali.

Bambo a ku Bvumbwe, ndinachita monga munanenera, panyuzipepala pakati pa chipinda, 9 koloko m'mawa ndisanagone. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu linali phala. Timbatata tija ndinatipeza tinayi, tolimba, ndinatisiya. Masamba anayi anapita, anatsala asanu ndi awiri ometedwa m'mphepete ngati mwana wometedwa ndi lumo lobuntha.

Thanki ya nsomba sindinaipeze, ndinagula bokosi lapulasitiki loonekera, lalitali, n'kuliimika patebulo pamene kuwala kwa pazenera kumafika koma dzuwa siligunda. Chivindikiro ndimachitsekula mpata wa zala ziwiri monga anandiuzira amayi a ku Joni. M'katimo kachipangizo kamasewera pakati pa 60 ndi 66, m'chipinda 44 mpaka 48. Tsiku lina ndinalakwitsa, ndinatseka chivindikiro chonse popita kuntchito poganiza kuti ndikulikomera mtima. Ndinapeza makoma a bokosi ali madzi okhaokha, 91, tsamba limodzi litamatirira kupulasitiki, ndipo linachita banga lofewa pomwepo. Sindinabwerezenso.

Chuku ndinachipukuta ndi mankhwala ake, eni nyumba ndinawauza, ndipo mayunifolomu ndikuumitsa ku makina a kumsika ngakhale zikundidyera ndalama. Galasi ndimalipukuta m'mawa uliwonse n'kutsekula zenera mphindi khumi. Sichinabwerere.

Lamlungu lapitali ndinaona kandudu kobiriwira katasuzumira m'dothi pambali pa phesi lakale. Dzulo katambasuka theka, m'mphepete monse muli bwino, mulibe pouma. Ndinakajambula zithunzi zisanu ndi chimodzi n'kutumizira mayi anga ku Zomba, iwo anangoyankha kuti kodi chimadyedwa.

Vuto latsala ndi la madzi a mvula. Ndinatchera kandowa kuseri kwa nyumba, kanadzaza bwinobwino, mnzathu wina wa m'nyumba muno anakataya n'kukatsuka poganiza kuti wina waiwala madzi okolopera. Kachiwiri zomwezo. Pano ndalembapo ndi cholembera chakuda kuti asakhudze, ndipo ndasunga mabotolo atatu pansi pa bedi. Achimwene a ku Manchester, madzi amene amatuluka mu dehumidifier, makina ochotsa chinyontho mumpweya, ya kuntchito kwathu amangotayidwa tsiku lililonse. Amenewo ndingathirire, kapena ali ndi vuto lawo?